Nkhuku za Brahma pabwalo la m'tauni: zimene ndaona pa zaka ziwiri ku Mabvuku

Nkhuku ya Brahma ndinayamba kuiona kunyumba kwa mkulu wa mpingo mnzanga wa CCAP ku Hatfield muno mu Harare, tsiku limene tinapita kukamuzonda atangotuluka m'chipatala. Tili pakhonde, panadutsa tambala woyera wa mizere yakuda m'khosi, wamkulu pafupifupi ngati nkhukundembo, akuyenda mwachifatse ngati munthu amene alibe kothamangira, ndipo miyendo yake inali yokutidwa ndi nthenga mpaka kuzala. Kamdzukulu ka mnzangayo, kamene kanali kasanayambe n'komwe sukulu, kanamugwira pamsana n'kuyamba kumusisita, koma tambalayo sanathawe, sanajomphe, anangoima phee mpaka mwanayo atatopa yekha. Ine ndakhala ndi nkhuku kuyambira ubwana wanga, koma zotere ndinali ndisanazionepo, ndipo ndinabwerera kunyumba tsiku limenelo mtima utatsala pa tambala uja.

Ndimakhala ku Mabvuku, m'nyumba imene bambo anga anapatsidwa atabwera kuchokera ku Dedza kudzagwira ntchito muno mu Harare. Bwalo lathu ndi laling'ono monga mmene alili mabwalo ambiri a kuno: kumaso kuli mabedi a ndiwo zamasamba, kuseri kuli mtengo wa mango, chingwe choyanikapo zovala ndi khola. Kwa zaka zambiri tinkaweta nkhuku zachikuda, zimene anzathu kuno amazitcha roadrunner, ndipo dzinali limaziyenera chifukwa n'zothamanga zedi. Vuto lake linali lakuti zinkauluka mpanda wa simenti, umene kuno timautcha durawall, n'kukapalasa m'dimba la anansi athu, atambala ake ankamenyana mpaka kutulutsana magazi, ndipo wina anam'jompha mdzukulu wanga pafupi ndi diso. Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunafuna nkhuku imene ingakhale mwamtendere pamalo ochepa, pakati pa ana ndi anansi. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndaona ndi maso anga chigulireni nkhuku za Brahma zaka ziwiri zapitazo, zabwino ndi zoipa zomwe, kuti amene akuganiza zogula adziwe chimene akulowetsa pakhomo pake.

Dzina la nkhukuzi linachokera ku mtsinje wa Brahmaputra, koma mtundu wake monga tikuudziwira lero unapangidwira ku America cha m'ma 1840 ndi 1850, kuchokera ku nkhuku zikuluzikulu zimene zinkabwera pa sitima kuchokera ku Shanghai m'dziko la China, zimene anazisakaniza ndi zina za ku Chittagong, dera limene lero lili m'dziko la Bangladesh. M'chaka cha 1852 mlimi wina wa ku America, George Burnham, anatumiza nkhuku zisanu ndi zinayi zoterezi kwa Mfumukazi Victoria ya ku Britain ngati mphatso, ndipo mbiri yake inawanda kwambiri mpaka mitengo yake inakwera. Kuchokera nthawi imeneyo kufika cha m'ma 1930, Brahma inali nkhuku yodalirika ya nyama ku America, kufikira pamene kunabwera mitundu yokula msanga imene inailanda malo. Mbiri imeneyi ndi yofunika kwa wogula chifukwa ikuonetsa kuti amalonda akuluakulu anaisiya nkhukuyi kalekale pa chifukwa chomveka, ndipo chifukwa chimenecho, chomwe ndi kuchedwa kukula, chikadalipo mpaka lero.

Zanga ndinakagula kwa mlimi wina wa kufupi ndi Ruwa amene amaweta mitundu ingapo ya nkhuku zakunja. Ndinasankha zosinkhukirapo, za miyezi itatu, osati anapiye a tsiku limodzi, chifukwa magetsi kwathu amazimazima ndipo sindikanatha kuwatenthetsa anapiye usiku wonse popanda chiopsezo. Ndinatenga tambala mmodzi ndi misoti isanu, ndipo ndalama imene ndinapereka pa msoti umodzi ikanandigulira nkhuku zachikuda zingapo kumsika wa Mbare Musika. Mlimiyo anandilandira bwino, anandilola kulowa kukaona makolo a nkhuku zimene ndinkagula, ndipo anandiuza masiku amene zinalandira katemera, zomwe ndi zinthu ziwiri zimene wogula aliyense ayenera kuumirira. Komabe pa misoti isanu ija, umodzi utakula unaoneka kuti sunali Brahma yeniyeni, pakuti nthenga za kumiyendo zinali zochepa kwambiri, thupi linali lowonda, ndipo kanyama kofiira ka pamutu kanaima tsonga kali ndi mano ngati ka nkhuku wamba. Nditamuuza mlimiyo anavomera kuti mwina tambala wa mtundu wina analowa m'khola, koma sanandisinthire, ndipo pamenepa ndinaona kuti sanachite chilungamo, popeza ndinalipira mtengo wa Brahma.

Choncho amene mukupita kukagula muziyang'anitsitsa zizindikiro izi musanatulutse ndalama. Kanyama ka pamutu ka Brahma yeniyeni kamakhala kakang'ono, kogona, ka timizere titatu toyandikana. Mutu umakhala wotambalala, ndipo pamwamba pa maso pamakhala potundumuka moti nkhukuyo imaoneka ngati yakwinya nkhope. Miyendo ndi khungu zimakhala zachikasu, ndipo nthenga zimatsika kunja kwa mwendo mpaka kukafika pa zala zakunja. Mitundu yodziwika bwino ya maonekedwe ilipo itatu: yoyera ya khosi la mizere yakuda ndi mchira wakuda, imene amaitcha Light, yotuwa ya timizere tosanjikizana bwino, imene amaitcha Dark, ndi yofiirira ngati udzu wouma, imene amaitcha Buff. Iwiri yoyambayo inalembedwa m'buku la miyezo ya nkhuku ku America m'chaka cha 1874, ndipo yachitatuyo inawonjezedwa mu 1924. Zanga ndi zoyera zija.

Pa nkhani ya kufatsa, imene ndi yomwe inandikopa, nkhukuzi sizinandikhumudwitse ngakhale pang'ono. Tambala wanga tsopano ndi wolemera kupitirira makilogalamu 5, ndipo akaima n'kutambasula khosi amafika m'chiuno mwa mdzukulu wanga wa giredi yoyamba, koma chifikireni sanayambe wathamangitsapo munthu. Ana amam'nyamula, nthawi zina molakwika, iye n'kungodikira kuti amutsitse. Mathadzi amabwera okha munthu akakhala pansi kusankha nyemba kapena kusadzula ndiwo, n'kuima chapafupi kudikira zimene zingagwe, osalimbirana ndi manja a munthu. Mdzukulu amene anajomphedwa uja anakhala nthawi yaitali akuopa kupita kuseri kwa nyumba, koma tsiku lina ndinam'peza atakhala pa njerwa, thadzi lili pamiyendo pake, ndipo anandiuza kuti, "Agogo, iyi ndi yanga, musadzaiphe." Kwa ine zimenezi zinali zamtengo wapatali kuposa mazira onse amene nkhukuzo zaikira.

Chinanso n'chakuti siziuluka. Thupi lake n'lolemera kwambiri poyerekeza ndi mapiko, kotero mpanda wa waya wofika m'chiuno mwa munthu wamkulu ndi wokwanira kuzitsekereza. Mabedi a mayi a kunyumba kuno a repu ndi tomato, amene kale tinkachita kuwaphimba ndi minga ndi masaka, tsopano amakula popanda chowasokoneza, ndipo chigulireni nkhukuzi palibe mnansi amene wabwerapo kudzadandaula za dimba lake. Sizipalasanso mwaukali ngati zachikuda, zimene zimatha kukumba dzenje pansi pa maziko a mpanda. Tambala amalira ndithu m'bandakucha monga tambala aliyense, koma mawu ake ndi a besi, otsika, osalasa m'khutu, ndipo amayi a nyumba yoyandikana nafe, amene zenera lawo logona layang'ana kukhola kwathu, anandiuza okha kuti salinso kudzidzimuka ngati kale.

Koma kufatsa komweku kuli ndi mtengo wake, ndipo ogulitsa sakonda kuzinena zimenezi. Miyezi yoyamba ndinaziphatikiza ndi nkhuku zachikuda zinayi zimene zinatsala, poganiza kuti zazikuluzi zidzadziteteza zokha ndi msinkhu wake. Zinachitika mosiyana. Kathadzi kachikuda kosafika ndi theka lomwe la kulemera kwa Brahma kankazithamangitsa pa chakudya, kankazizula nthenga za kumiyendo, ndipo zazikuluzo zinkangopatuka n'kukaima pakona mpaka zinzawozo zitakhuta. Ndinachita kuzilekanitsa, ndipo kenako zachikudazo tinazidya. Chimodzimodzinso ndi adani: nkhuku yachikuda ikaona mthunzi wa kabawi kapena galu wolowa pabwalo imakuwa n'kuthawira padenga, pamene Brahma imachedwa kuzindikira ndipo ilibe kothawira. Ngakhale wakuba savutika nayo, chifukwa imalola kunyamulidwa ndi aliyense popanda phokoso, ndipo poti ndi nkhuku yodula, khola lake liyenera kukhala lokhoma ndi loko usiku uliwonse.

Chimene chingam'fooketse munthu kwambiri ndi kuchedwa kwake. Buloyila imafika pogulitsa pa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo maleyazi a m'mafamu amayamba kuikira asanakwanitse miyezi isanu, koma misoti yanga ya Brahma inayamba kuikira itapitirira miyezi isanu ndi iwiri, ndipo umodzi unafika mwezi wachisanu ndi chinayi. Tambala anapitiriza kukula ndi kudzaza thupi mpaka atapitirira chaka. Nthawi yonseyi zimakhala zikudya, ndipo zimadya molingana ndi thupi lake. Nkhuku yoikira wamba imadya magalamu pafupifupi 120 pa tsiku, koma Brahma imaposa pamenepo, ndipo poti si yakhama pofunafuna chiswe ndi ziwala, pafupifupi chakudya chake chonse chimachokera m'thumba la mwini wake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambi umenewu ndinkaukumbukira mwezi uliwonse pamene ndinkanyamula thumba la growers mash, chakudya cha nkhuku zimene zikukula, kuchokera kusitolo koma dzira osaliona.

Ndinayesa kuchepetsa ndalama pozipatsa gaga ndi makombo a nsima okhaokha, monga tinkachitira ndi zachikuda, koma patangotha masabata ochepa nthenga zinayamba kuwonongeka ndipo kukula kunaima. Nkhuku ya mafupa aakulu chotere imafuna chakudya chomanga thupi chokwanira pamene ikukula, apo ayi miyendo imafooka. Tsopano ndimazipatsa chakudya chogula monga maziko, layers mash kwa zimene zikuikira, kenako n'kuwonjezera masamba a repu ndi kabichi otsala, chimanga chosweka pang'ono madzulo, ndi zikamba za mazira zootcha ndi kusinja kuti mazira atsopano akhale olimba. Mbali inayo nayonso ili ndi ngozi yake, pakuti Brahma ikapatsidwa chimanga chambiri pamalo opanda poyenda imanenepa msanga, ndipo thadzi lonenepa kwambiri limasiya kuikira.

Mazira ake ndi ofiirira, a magalamu pakati pa 55 ndi 60, ndipo ambiri amadabwa kuti nkhuku yaikulu chotere imaikira dzira losaposa kwenikweni la nkhuku ya m'famu. Thadzi limodzi limandipatsa mazira atatu, nthawi zina anayi pa sabata, zomwe zikufanana ndi chiwerengero cha pafupifupi 150 pa chaka chimene mtunduwu umadziwika nacho. Chimenechi n'choposa kutali nkhuku yachikuda, imene imaikira khumi ndi angapo n'kuyamba kufungatira, koma n'chochepa poyerekeza ndi nkhuku zakuda zija zimene kumudzi ku Malawi timazitcha za Mikolongwe, zomwe dzina lake lenileni ndi Black Australorp. Ndinaziona kwa azakhali anga ku Dedza, ndipo ndinganene mosakayika kuti amene akufuna mazira ambiri pamodzi ndi nyama yokwanira, Mikolongwe ingam'thandize kuposa Brahma, ndipo mtundu womwewo umapezekanso kuno. Pamene Brahma imapambana ndi m'nyengo yozizira. Harare ili pamalo okwera pafupifupi mamita 1,500, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka madzi a m'beseni kuluma m'manja, koma nkhukuzi, ndi nthenga zake zothithikana ndiponso kanyama kakang'ono ka pamutu kosataya kutentha, zimaoneka kuti ndi pamene zili pamtendere. Miyezi imeneyi nkhuku za anansi anga zinachepetsa kuikira, koma zanga zinapitiriza, ndipo ana ankapita kusukulu atadya dzira.

Kufungatira zimafungatira, ngakhale si kawirikawiri, ndipo thadzi limodzi limatha kuphimba mazira ambiri chifukwa cha kutambalala kwake. Vuto ndi kulemera. Ulendo woyamba thadzi langa linaswa mazira awiri potsika ndi pokwera pachisa, ndipo anapiye ataswa patatha masiku 21, linaponda mmodzi mpaka kufa, osati mwa nkhanza koma chifukwa silinkaona bwino pamene likuponda ndi mapazi ake anthenga. Ulendo wachiwiri ndinabwereka thadzi lachikuda kwa mlamu wanga n'kuliikira mazira a Brahma, ndipo linaswa ndi kulera bwino kwambiri, ngakhale kuti anapiyewo analipitirira msinkhu pasanathe miyezi itatu.

Tsopano ndifike pa chimene ndikuona kuti ndicho chachikulu kwa aliyense woweta Brahma muno mu Harare, chomwe ndi dzinja. Nthenga za kumiyendo, zimene zimakongoletsa nkhukuyi m'chilimwe, zimasanduka mtolo mvula ikayamba mu Novembala. Chaka choyamba sindinakonzekere. Malo amene nkhukuzo zinkayendamo masana anali a dothi, opanda denga, ndipo mvula itagwa masiku otsatizana mu Januwale panasanduka thope losakanikirana ndi zitosi. Thopelo linkamatirira ku nthenga za kumapazi n'kuuma kukhala timibulu tolimba pa zala, ndipo nkhuku zinkayenda motsimphina. Zinkalowanso nalo m'zisa n'kudetsa mazira, ndipo dzira lodetsedwa ndi zitosi silichedwa kuwonongeka. Choipa kwambiri chinali chakuti pansi pa nthengazo sipaoneka, kotero ndinachedwa kuzindikira kuti tambala wagwidwa ndi tizilombo tija timene timalowa pansi pa mamba a miyendo n'kuwatukula mpaka mwendo kuoneka ngati khungwa la mtengo. Pa nkhuku yachikuda matenda amenewa munthu amawaona ali patali, koma pa Brahma amafunika kuinyamula, kupatula nthenga ndi zala n'kuyang'ana.

Ndinachita kusambitsa miyendo ya nkhuku iliyonse m'madzi ofunda a sopo, kuiumitsa ndi nsalu, ndi kupaka Vaseline pa mamba kangapo pa sabata kwa mwezi wathunthu kuti tizilomboto tibanike, ndipo pamenepa kufatsa kwa nkhukuzi kunandithandiza chifukwa zinkangokhala chete m'manja. Kenako ndinafolera malo oyendamo ndi malata akale, ndinakweza pansi pake ndi zidutswa za njerwa ndi mchenga wa kumtsinje, ndinakumba ngalande yopatutsa madzi a padenga la nyumba, ndipo m'khola ndimathira utuchi umene ndimautenga kwa akalipentala n'kumausintha ukangoyamba kunyowa. Pakona pena pouma ndinaika beseni lakale lodzaza mchenga ndi phulusa kuti zizisambamo, pakuti nthenga zochuluka chotere ndi nyumba yabwino ya nsabwe ndi utitiri. Dzinja lachiwiri linadutsa popanda vuto lililonse la mapazi. Ndikunena motsindika kuti munthu amene sangathe kuzipatsa nkhukuzi pansi pouma kuyambira Novembala mpaka Malichi asazigule, chifukwa adzazizunza ngakhale atazikonda chotani.

Nyengo ina yovuta ndi Okutobala, mvula isanagwe, pamene kutentha kumapitirira madigiri 30. Nthenga zimene zimaziteteza mu Julayi zimazipsetsa mwezi umenewu, ndipo masana zimaima kukamwa kuli yasa, mapiko atatsitsidwa, chakudya osachifuna. Malata amene anandipulumutsa ku matope anawonjezera kutentha, mpaka ndinachita kuyala udzu ndi masaka pamwamba pake. Mtengo wa mango uja ndi umene umazisunga, chifukwa zimakumba timaenje pamthunzi pake n'kugona pa dothi lozizira. Madzi zimamwa ambiri, ndipo ife a ku Mabvuku ndi Tafara tikudziwa kuti madzi a m'mipopi si chinthu chodalira, kotero pa zigubu zimene timatunga kumjigo, chimodzi chimakhala cha nkhuku, ndipo ndimasintha madziwo kawiri pa tsiku kuti asafunde. Amene amachoka pakhomo m'mawa n'kubwera usiku, popanda wina wotsala, ayenera kuganizira bwino za mwezi umenewu, popeza nkhuku yolemera ikhoza kufa ndi kutentha tsiku limodzi lokha madzi akaitheratu.

Khola lakale la nkhuku zachikuda silingagwire ntchito popanda kulisintha. Lathu linali lokwera, la makwerero, ndipo Brahma zinkavutika kukwera, potsika n'kumagwa mwamphamvu. Nkhuku yolemera ikamadumpha kuchokera pamwamba imavulala kuphazi, ndipo bala lake limatupa n'kuchita mafinya. Mtengo wogonapo ndinautsitsa kufika masentimita pafupifupi 40 kuchokera pansi, ndipo ndinaika thabwa lotambalala m'malo mwa kamtengo kozungulira kuti phazi lonse lizikhazikika. Khomo ndinalikulitsa, zisa ndinaziika pansi n'kuzikulitsanso, ndipo pamalo pamene kale pankagona nkhuku khumi ndi ziwiri, pano pamakwana zisanu ndi imodzi basi.

Kukula kwa thupi sikuteteza ku chitopa. Matendawa alibe mankhwala ochiza, ndipo akalowa m'dera amasesa makola motsatizana, posasankha nkhuku yotchipa kapena yodula. Ndimazipatsa katemera miyezi itatu iliyonse, amene ndimagula m'masitolo a mankhwala a ziweto m'tauni n'kubwera naye m'kabokosi ka madzi oundana kuti asafe m'njira, ndipo poti botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri kuposa zanga, timagawana ndi mabanja ena a mumsewu mwathu tsiku lomwelo. Nkhuku yachilendo, ngakhale ya mphatso yochokera kwa abale, siilowa m'khola mwanga isanakhale payokha masabata awiri.

Za nyama ndinene mwachidule. Pa anapiye amene anaswa, atambala awiri tinawapha pa Khirisimasi ali ndi miyezi pafupifupi khumi, ndipo mmodzi yekha anakwanira banja lonse pamodzi ndi alendo amene anabwera kuchokera ku Mufakose. Nyama yake ndi yambiri makamaka m'ntchafu, ndi yolimba kuposa ya buloyila koma yofewa kuposa ya nkhuku yachikuda, ndipo msuzi wake ndi wonona bwino pa nsima. Achimwene anga, amene amakonda nkhuku yochita kulimbana nayo ndi mano, anati ikuchepa kakomedwe poyerekeza ndi roadrunner, ndipo sindinawatsutse, chifukwa nkhuku yodya za m'thumba singafanane ndi yodya za m'tchire. Koma ndikawerengera chakudya chimene tambala mmodziyo anadya pa miyezi khumi, ndikuona poyera kuti nyama imeneyi ndi yodula kuposa imene ndikanagula pamsika.

Ndiye amene akufuna bizinesi ya nyama kapena ya mazira asataye ndalama zake pa Brahma, pakuti mabuloyila, maleyazi, ngakhale mitundu monga Boschveld ndi Sasso imene yafala muno, idzam'bwezera msanga. Njira yokhayo imene ndaona kuti ingabweze ndalama ndi kugulitsa anapiye ndi mazira oti akaswetse kwa ena ofuna mtunduwu, ndipo zimenezi zimafuna kusunga mtundu mosasakaniza ndi kunena zoona kwa ogula, chinthu chimene ine sindinachitiridwe mokwanira. Koma kwa banja la m'tauni lokhala ndi bwalo laling'ono, ana aang'ono, dimba lofuna kutetezedwa ndi anansi oyandikana mpanda, limene likufuna nkhuku zochepa zopatsa mazira a pakhomo chaka chonse, sindinaonepo mtundu wina woposa umenewu, malinga ngati pali denga, pansi pouma, mthunzi ndi munthu wokhala pakhomo masana.

Ineyo ndaganiza zokhala ndi tambala mmodzi ndi mathadzi asanu, osapitirira pamenepo, chifukwa ndi zimene bwalo langa ndi thumba langa zingathe. Thadzi losakanizika lija likadalipo ndipo limaikira bwino, koma mazira ake sindiswetsa. Chaka chino ndikufuna kusinthana tambala ndi mnzanga wa ku Hatfield uja kuti ana asakwerane ndi atate awo, ndipo mvula isanayambe ndiyenera kuwonjezera malata awiri kumbali ya kum'mawa, kumene mvula ya mphepo imalowerabe n'kunyowetsa mchenga.